Mphindi Makumi Asanu

Ku bwalo la ndege aliyense amawadziwa kuti a Changu. Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso chomwe amavala m'khosi, koma ndani amawerenga chiphaso cha munthu wosesa? La Changuli anawapatsa ndi anzawo kalekale, chifukwa mayiwa akangoponda m'ndege pakamwa pawo pamatuluka mawu amodzi okha: "Changu, amayi, changu!" Ngakhale pa ukwati wa mwana wa mnzawo anamveka akuuza operekera zakudya kuti achite changu, anthu mpaka kugwa nacho chiseko.

Ntchito yawo ndi yokonza m'ndege. Ikatera, anthu n'kutsika, amayi asanu ndi mmodzi amakwera ndi majumbo a zinyalala, nsanza ndi makina opopera fumbi. Amapatsidwa mphindi makumi awiri ndi zisanu. M'mphindi zimenezo atole mabotolo ndi matishu, apale chingamu chomatidwa pansi pa timatebulo, apukute mawindo pomwe ana anakhudzitsapo mphuno, atsuke zimbudzi ziwiri, apingase malamba pa mpando uliwonse. Kenako m'thumba la kumbuyo kwa mpando uliwonse asiyemo zinthu ziwiri zoongoka bwino: khadi la malangizo a ngozi ndi kathumba ka pepala kosanziramo. Anthu okwera ndegewa, inu muwaone atatchena choncho, amasiya uve woti ngakhale m'basi simungaupeze. A Changu agwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri ndi zitatu. Amadziwa mpando womwe umalira ukaugwira ndi katebulo komwe sikatsekeka, koma sanayambe akhalamo m'ndege ikuuluka. Ndege zonse zomwe amazidziwa ndi zoima.

Pa ndege zonsezo pali ina yaing'ono, yoyera, yomwe imafika tsiku lililonse cha m'ma 11 koloko m'mawa kuchokera ku mzinda waukulu wa dziko loyandikana nalo, n'kubwerera masana kukagona komweko. Ulendo wake ndi mphindi makumi asanu. Munthu amangopatsidwa tiyi, asanammalize n'kumva kuti mangani malamba tikutera. Koma pamsewu ndi nkhani ina. Pakati pa mizinda iwiriyi pali mapiri ndi mtsinje waukulu, ndiye msewu umazungulira kukafuna mlatho, komanso pali chipata cha m'malire pomwe basi imagona. Ndi masiku awiri athunthu, basiyo ikapanda kuwonongeka panjira.

Ku mzinda umenewo kuli mng'ono wawo wa a Changu. Kwawo ankangomuitana kuti Mzime, poti ndiye anali wotsiriza kubadwa. Ntchito yosesa m'ndege anamuphunzitsa ndi a Changu omwewa. Anagwira limodzi zaka zitatu, kenako Mzime anakwatiwa ndi mwamuna wowotcherera zitsulo wa kutsidya kwa malire, n'kupita naye. Atafika kumeneko anapezanso ntchito yomweyo, pa ndege yomweyo yoyera. Ndiye zinkayenda motere: m'mawa Mzime ankaikonza uko, dzuwa lisanafike pamutu a Changu ankaikonza kuno. Mpando womwe wapukuta mng'ono, pakangopita kanthawi, akuupukuta ndi mkulu wake.

Kusiya kalata kapena kanthu kalikonse m'ndege ndi mlandu woti munthu amachotsedwa nawo ntchito tsiku lomwelo. Koma Mzime anali ndi mutu. Pa mzere womaliza pali mpando wa pawindo, woyandikana ndi chimbudzi, womwe sugonekeka ndipo okwera amaukana. Kathumba kosanziramo ka pa mpando umenewo Mzime ankakapinda kangodya kamodzi, kawiri, mmene mayi awo ankapindira pepala la shuga kuti nyerere zisalowe. Tanthauzo lake linali lakuti, "Ndili bwino kuno, kaya inu." A Changu akakapeza ankapinda kangodya kenako: "Tilipo." M'mawa mwake Mzime ankaika katsopano n'kupindanso. Mafoni analipo, inde, koma moni wa m'kathumba unali wawo awiri, ndipo anapatsana moni umenewu zaka zinayi.

Zinasokonekera pa matenda a mayi awo. Mayiwo ankakhala ndi a Changu m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo ogulitsira matayala akale. Zaka zisanu ndi chimodzi a Changu ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwachapira zofunda asanathamangire kuntchito. Koma pakamwa pa mayi panali Mzime yekha. Ndege ikadutsa pamwamba pa denga ankakweza chala n'kunena kuti, "Imeneyo wakonza ndi mwana wanga." Abale! Ngati kuti amene wangowamwetsa madziyo anachita kutoledwa pamsewu. Mzime akatumiza kansalu kamodzi pachaka, mayi ankakaonetsa kwa aliyense wodzawazonda. A Changu ankaseka nawo, koma mumtima munkawira. Tinene mosapsatira, inali nsanje, ndipo inakula pang'onopang'ono mwini wake osaiona.

Lolemba lina mayi anagonekedwa m'chipatala. Sikanali koyamba, ankapita n'kubwerako. Tsiku lomwelo anagwira mkono wa a Changu n'kufunsa kuti, "Wamuuza Mzime?"

"Ndamuuza, amayi."

Sanamuuze. Foni inali m'chikwama, mayunitsi analimo. Anangofuna kuti kamodzi kokha akhale okha pambali pa bedi, mayi aone kuti amene amawagwira ndi ndani. Ankaganiza kuti pofika Loweruka atuluka ngati kale, nkhani n'kutha.

Lachiwiri mayi anafunsanso. "Wati chiyani Mzime?"

"Wati akubwera."

Lachitatu mayi sanayankhule zambiri. Chitseko cha wodi chikangolira ankatembenuza mutu kuyang'ana kukhomo, akaona kuti ndi namwino n'kutseka maso. Chakumasana ananong'ona kuti, "Sanafikebe?" A Changu anati sanafike, n'kutuluka panja ati kukaimba foni, koma atafika pakhonde manja anakana. Akanati chiyani? Kuti mayi agona m'chipatala masiku atatu ine ndili chete? Anati aimba mawa. Lachinayi m'mawa mayi anamwalira.

Ndi pamene anaimba. "Zangochitika mwadzidzidzi," anatero. Mzime anakwera basi tsiku lomwelo. Inali nthawi yotentha, achibale ochokera kutali ankafuna kubwerera kuntchito zawo, ndiye maliro anaikidwa Loweruka m'mawa. Mzime anafika masana, nsapato zili m'manja chifukwa mapazi anali atatupa. Anapeza achibale atadzaza pabalaza. Asanakhale n'komwe, azakhali awo, mlongo wa malemu bambo awo, anamulandira ndi funso.

"Mwana iwe, amako adwala sabata yathunthu, iwe unali kuti?"

Mzime anayang'ana mkulu wake. A Changu anaona kuti pano zaululika, mantha anawagwira, ndipo mantha aja anatulukira pakamwa ngati ukali.

"Mphindi makumi asanu!" anakuwa. "Ndege yomwe umaisesa tsiku ndi tsiku, mphindi makumi asanu basi, iwe n'kumafika anthu atakwirira kale? Unatitaya iwe, usatinamize ndi misozi pano!"

Ankadziwa bwino lomwe kuti tikiti ya ndege si ya munthu wosesa. Iwo eni ake akanaikwanitsa? Koma achibale anavomerezana nawo, ena kugwedeza mitu, ena kutsonya. Mzime anakhala pansi pafupi ndi chitseko, nsapato zili pamiyendo. M'mawa mwake anapita kumanda ndi mayi wina woyandikana nawo nyumba, Lolemba n'kukwera basi kubwerera. Za tsiku lomwe analandira foni sanauze munthu.

Patatha sabata a Changu anabwerera kuntchito. Atafika pa mzere womaliza wa ndege yoyera ija anapisa dzanja m'thumba la mpando, n'kupeza kathumba kopindidwa kangodya, kawiri. Anaima nako m'manja. Akanangopinda kangodya kenako, ntchito ya kamphindi. Koma ankadziwa kuti akayankha moni, mawa kubwera foni, mkuja kubwera macheza, ndipo kumapeto kwake kuli mawu aja oti "Ndamuuza, amayi." Paja munthu amene unamulakwira ndi wovuta kumuyang'ana kuposa amene anakulakwira. Anakafinya kathumbako, kukaponya m'jumbo la zinyalala, n'kuikamo katsopano koongoka.

Mawa lake kanabweranso kopindidwa. Anakatayanso.

Mukhulupirire kapena ayi, zimenezi zinachitika zaka zisanu ndi zinayi. Mzime ankapinda, a Changu ankataya. Ndipo musaganize kuti Mzime sankadziwa. Masana ndege ikabwerera ankapeza kathumba katsopano, kusonyeza kuti moni wake waonedwa ndipo wakanidwa. Kangapo anaimba foni, a Changu ankangoiyang'ana ikulira mpaka isiye. Kenako mafoni anasiya, kathumba kokha n'kumabwerabe.

Zaka zonsezo mzere womaliza sankalola wina kuukonza. Akangokwera ankati, "Kumbuyo ndikonza ndine." Anzawo ankakondwa, poti kumbuyo ndi komwe kuli zimbudzi. Yekha amene ankawaseka anali mnzawo wina wolongolola yemwe amamutchula kuti a Wailesi. "Koma a Changu munakwirira chiyani kumbuyoko? Kapena kuli chibwenzi? Tiuzeni nafenso tizikapukuta." A Changu ankangoti, "Changu, amayi," n'kupitirira. Zoona zake n'zakuti tsiku lawo lonse linkatsamira pa kathumba kameneko. Ankakataya, inde, koma ankayamba akaona. Ankadziwa tsiku lopuma la Mzime, ankadziwanso mwezi womwe amatenga tchuthi. Mng'ono wawo anali moyo, anali pantchito, anali asanawataye, ndipo zonsezi ankazimva popanda kupereka kalikonse.

Ndiye Lolemba lina, nthawi yozizira, anapisa dzanja n'kutulutsa kathumba koongoka ngati kangochoka m'bokosi. Anati mwina wasinthana tsiku ndi mnzake. Lachiwiri chimodzimodzi. Sabata inatha, ina n'kutha. Sunali mwezi wa tchuthi chake. A Changu anayamba kuyang'ananso m'matumba a mipando yoyandikana nawo, mpaka pansi pa mpando, ngati kathumba kangayende kokha. Anafufuza nambala ya Mzime m'kabuku kakale n'kuimba, koma foni inawauza kuti nambala imeneyi kulibe. Analimba mtima n'kufunsa mtsikana wina wogwira ntchito m'ndege ngati amadziwa mayi wakuti wosesa kutsidyako. Mtsikanayo anamwetulira mwaulemu n'kunena kuti sawadziwa. Angawadziwe bwanji? Kwa iwo osesa onse ndi majekete owala omwe amakwera iwo akamatsika.

Sabata yachisanu a Wailesi anawapeza m'chipinda chosinthira zovala atakhala pabenchi, nsapato imodzi atavala, ina ili m'manja.

"Mwatani kodi? Masiku ano mawu oti changu sitikuwamva. Dzulo tinatsala pang'ono kuuluka nayo ndege inu muli chiimire kumbuyo."

A Changu anawauza za kathumba. Za chipatala sanatchule, anangoti anayambana pa maliro.

"Zaka zingati?"

"Zisanu ndi zinayi."

"Mayo ine! Inu n'kumataya?" A Wailesi anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye pano mukudikira chiyani? Kuti uthenga wa maliro ubwere m'kathumba kosanziramo? Chibale ndi fupa, amayi, sichiola, koma munthu yekhayo amaola. Nyamukani."

Tsiku lomwelo anapempha masiku asanu ndi limodzi kwa kapitawo, yemwe anawayang'ana kawiri poti mayiwa tchuthi ankachita kukankhidwa. Mumtima anali atatsimikiza kale kuti Mzime akudwala kwambiri. Anagula malalanje ndi kabulangete kofewa. Mawu opepesa anawakonzeratu, ndipo m'maganizo mwawo zinkayenda bwino: Mzime ali gone pabedi, wowonda, iwo agwira dzanja lake, anena pepa, onse alira, zatha. Wodwala sachedwa kukhululuka, ndipo safunsa mafunso ambiri.

Basi inanyamuka pa depoti 9 koloko m'mawa. A Changu anapatsidwa mpando wa pamwamba pa tayala, mawondo kufika pachifuwa, pansi pa mapazi pali katoni ya munthu wina. Chizolowezi cha ntchito chinawachititsa kuyang'ana wotchi. Mphindi makumi asanu zitakwana basi inali isanatuluke n'komwe mu mzinda, inali pa malo omwetsera mafuta, anthu akukangana za katundu wa padenga. Ndege ikanakhala itatera kale, okwera akuyang'ana masutikesi awo. A Changu anavula wotchi n'kuiika m'chikwama.

Msewu unakwera mapiri, n'kutsika, n'kukweranso. Tayala linaphulika pamalo popanda ngakhale mthunzi, anakhala pamenepo maola atatu. Anafika pa malire chipata chitatsekedwa, n'kugona chokhala m'basi momwemo. Kutacha anaima pamzere wodinditsa ziphaso mpaka dzuwa kukwera, kenako katundu yense kutsitsidwa, kusechedwa, kukwezedwanso. Tsiku lachiwiri mapazi anayamba kulemera, zingwe za nsapato kulowa m'mnofu. Pamenepo ndi pomwe zinawafika. Mzime anadutsa msewu womwewu, mapiri omwewa, mzere womwewu, akudziwa kuti amake ali kale m'bokosi. Ndipo atatsika, mkulu wake anamulandira ndi mphindi makumi asanu. A Changu anafunda nsalu kumutu ngati akubisala fumbi. Mayi amene anakhala nawo pafupi anawafunsa ngati akudwala, iwo anati ndi mutu chabe.

Basi inachedwa, inalowa mu mzindawo m'mawa wa tsiku lachitatu. Nyumba ya Mzime sankaidziwa, poti zaka zonsezi anali asanapondeko. Koma mabwalo a ndege onse ndi amodzi: kutsogolo kuli makomo agalasi a okwera, kumbali kuli kageti ka antchito. Anakwera minibasi, n'kutsikira pa kageti kameneko, nsapato zili m'manja chifukwa zinakana kulowa. Anatchula dzina la Mzime kwa mlonda, akuyembekeza kumva dzina la chipatala.

"Alipo, ali mkati," anatero mlonda. "A m'mawa amaweruka 2 koloko."

"Ali pantchito?"

"Nanga akhale kuti?"

A Changu anakhala pa simenti ya m'mphepete mwa msewu, jumbo la malalanje lili pamiyendo. Itangodutsa 1 koloko anamva kulira komwe amakudziwa ngati chifuwa chawo chomwe. Ndege yoyera ija inatsika pamwamba pa mitengo, matayala atatuluka. Inali itachoka kwawo mphindi makumi asanu zapitazo, ndipo mzere womaliza anali atakonza a Wailesi.

Nthawi itakwana amayi anayamba kutuluka pa kageti, majekete owala ali pamapewa. Pakati pawo panali wina wonenepa bwino, imvi zitayamba m'mbali mwa duku, akuseka mpaka kugwira mnzake paphewa. A Changu anamuzindikira ndi kuseka kwakeko, kunali kwa mayi awo. Munthu wathanzi, woyenda ndi miyendo yake! Mawu onse omwe anakonzera wodwala anabalalika. Analakalaka atabisa malalanje aja, koma akanawabisa kuti?

Mzime anaima. Chiseko chinazima pang'onopang'ono. Anauza anzake kuti atsogole.

"Achemwali?"

"Ndine." A Changu anayesa kuimirira, mapazi n'kukana. "Ndimayesa ukudwala."

"Kudwala? Wakuuzani ndani?"

"Palibe. Kathumba kaja. Unasiya."

Mzime anapumira m'mwamba. "Ndinatopa, achemwali. Sindinadwale, sindinasamuke. Tsiku lina ndinangogwira kathumba, dzanja n'kukana. Ndinati zaka zisanu ndi zinayi ndikugogoda pakhomo pomwe mwini wake ali m'nyumba akundimva, basi zakwana."

A Changu anayang'ana pansi. Mzime naye anayang'ana komweko, n'kuona mapazi otupa ndi nsapato zili pambali.

"Mwabwera pa basi."

"Eee."

"Ndi kutali, eti?"

"Ndi kutali, mng'ono wanga. Ndi kutali kwambiri."

Mzime anaseka pang'ono, maso atadzaza misozi, n'kukhala pa simenti pambali pawo. "Zija za pamaliro ndinazisiya kale. Ndinadziwa kuti munachedwa kuimba poganiza kuti amayi achira, ndiye azakhali atafunsa munachita mantha. Zinandipweteka, sindinama. Koma munavutika nawo nokha amayi zaka zonse zija, ine ndili kuno. Tiyeni kunyumba, alamu anu akakuoneni, ana akudziweni."

Chomwe anadzera chinali chimenecho, ndipo chinaperekedwa chonse, iwo asananene ngakhale pepa. Akanangotola nsapato n'kunyamuka. Mzime sakanadziwa mpaka kalekale, poti amene anamva bodza la m'chipatala lija anali mmodzi ndipo ali m'manda. A Changu anagwira nsapato. Koma anaona kuti akukhululukidwa mlandu waung'ono, waukulu uli chibisire, ndipo manyazi omwe anawagwira pamenepo anaposa a m'basi. Anaisiyanso nsapato ija.

"Pali china chomwe sukuchidziwa."

"Chiyaninso?"

"Amayi anakufunsa."

Mzime anatembenuka thupi lonse. "Anandifunsa? Munati zinachitika mwadzidzidzi. Ine ndimayesa sankayankhula."

"Ankayankhula. Anakufunsa katatu. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu."

"Inu n'kuti chiyani?"

A Changu anayankha kuti, "Ndinati ndakuuza. Ndinati wati ukubwera."

"Chifukwa chiyani?"

"Nsanje. Palibenso china, Mzime. Ndinkafuna aone ine."

Minibasi inaima patsogolo pawo, kondakitala n'kuitanira, n'kupita. Mzime ankayang'ana tsidya lina la msewu.

"Ndiye ankandidikira."

"Chitseko chikalira ankayang'ana kukhomo."

"Anapita akudziwa kuti ndauzidwa koma sindinabwere."

"Eee."

Mzime sanakuwe, ndipo a Changu akanakonda akanakuwa. Anangowerenga ndi zala, pang'onopang'ono, ngati mwana wasukulu. "Lolemba. Mukanaimba Lolemba, Lachitatu ndikanafika. Pa basi yomweyi, achemwali. Sizikanafuna ndege."

Kenako anaphimba nkhope ndi jekete lake lowala lija n'kulira. A Changu anatambasula dzanja kuti amugwire paphewa, n'kulibweza lisanafike.

Mbale sasiyidwa pamsewu, ndiye Mzime anapita nawo kunyumba. Anawathirira madzi ofunda m'beseni, kuikamo mchere, n'kuwaikira pamapazi. Mwamuna wake anawalonjera bwino, ana anabwera kudzapereka moni kwa amayi aakulu omwe ankangowamva dzina. Chakudya chinabwera, pogona panakonzedwa. Koma Mzime sanakhale nawo pansi. M'mawa akupita kuntchito anaima pakhomo, chiphaso chili kale m'khosi. A Changu anati ayambe kuyankhula, iye anakweza dzanja.

"Musandifunse lero. Sindikudziwa."

Amene anawaperekeza ku depoti anali alamu awo. Malalanje ndi kabulangete zinatsala patebulo, ndipo msewu wobwerera unali wautali chimodzimodzi.

Tsiku lomwe anayambiranso ntchito, a Wailesi anangowayang'ana nkhope n'kutseka pakamwa, chinthu chomwe sichinachitikepo. Ndege yoyera itatera a Changu anapita kumbuyo. Kathumba kanali koongoka. Anakatulutsa, n'kupinda kangodya kamodzi, kawiri, mmene mayi ankapindira pepala la shuga. Anakabwezera m'thumba n'kupita kukatsuka zimbudzi.

Mawa lake ndege itangoima anakwera. Anadutsa mizere yonse osatola ngakhale botolo limodzi. Anapisa dzanja akuyembekeza katsopano koongoka, poti ndi zomwe iwo akanachita, ndi zomwe anachita zaka zisanu ndi zinayi. Chomwe anatulutsa chinali kathumba komwe kaja, kangodya kawo kali chipindire, kangodya kenako kosakhudzidwa.

Lamulo la ntchito ndi lakuti kathumba kopindika kachotsedwe, ndipo Mzime lamuloli amalidziwa, anamuphunzitsa ndi iwo omwe. Ndiye kuti wakaona. Sanayankhe, koma sanakataye.

Lero ndi sabata yachisanu ndi chiwiri. Kathumbako kayamba kuda ndi zala za anthu awiri, kakupita ndi kubwera, mphindi makumi asanu uku, mphindi makumi asanu uko. Tsiku lililonse a Changu amakatulutsa, amayang'ana kangodya kenako, amakasalaza pa bondo n'kukabwezera. A Wailesi anawafunsa dzana kuti adikira mpaka liti.

"Iye anadikira zaka zisanu ndi zinayi," anatero a Changu. "Ine ndangoyamba kumene."